Ogulitsa kuzizira mumzinda wa chisanu

Munthu akadzuka ku Msongwe m'mamawa wa mwezi wa July, choyamba amafuna juzi, chachiwiri kapu ya tiyi wotentha. Nkhungu imakhala itakuta mitengo ya m'nkhalango ya Kaning'ina ndipo akabaza oima m'mbali mwa msewu wa ku Nkhata Bay amakhala atabisa manja m'khwapa. Ana a sukulu amatulutsa nthunzi m'kamwa ngati akusuta.

M'chisanu chomwechi mumapezekanso bambo wina atanyamula chibotolo cha gasi, makwerero ndi mageji a timipaipi tofiira, tabuluu ndi tachikasu, akudikira galimoto yolowera m'tauni. Ntchito yake ndi yoika ndi kukonza makina oziziritsa mpweya m'maofesi ndi m'masitolo, omwe ambiri amangowatchula kuti eyakoni. Kwa wosadziwa, mmisiri ameneyu sakusiyana ndi munthu wokagulitsa usipa ku Usisya.

Funso lake n'lomveka. Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo ngakhale mu October, pomwe anthu a ku Karonga ndi ku Nsanje amagona pabwalo, ku Mzuzu sikawirikawiri kudutsa madigiri 30. Nanga eyakoni ikufuna chiyani kumeneku?

Zoona zake n'zakuti makinawa sadapangidwire thukuta la munthu. Eyakoni yoyamba adaikonza ndi Willis Carrier m'chaka cha 1902, ndipo adaikonzera kampani yosindikiza ya Sackett & Wilhelms ya ku Brooklyn mumzinda wa New York. Vuto la kampaniyo lidali chinyezi: mapepala ankafufuma ndi kufota, mitundu ya inki n'kumaphonyana. Za kuziziritsa anthu m'maholo a kanema ndi m'maofesi zidabwera pambuyo pake. Ndipo mpaka lero, makina ofunika kwambiri ku Mzuzu si omwe amapepesa bwana m'ofesi, koma omwe ali m'zipinda zomwe munthu salowamo kawirikawiri.

Kubanki iliyonse kuli kachipinda kokhoma komwe kumakhala makompyuta akuluakulu osunga mbiri ya ndalama za makasitomala. Makompyutawa amatulutsa kutentha usana ndi usiku, kaya kunja kukugwa mvula kaya kuli chisanu, ndipo akatswiri amalangiza kuti chipinda chawo chizikhala pakati pa madigiri 18 ndi 27. Kukatentha kuposa apo amadzizimitsa okha, ndiye anthu a pamzere amangomva kuti netiweki yavuta. Makampani a lamya nawo ali ndi zipinda zoterezi.

Kuchipatala nkhani yake ndi ya moyo. Mankhwala ambiri amalembedwa pabokosi kuti asasungidwe pamalo otentha kuposa madigiri 25 kapena 30. Katemera amafuna madigiri a pakati pa 2 ndi 8, magazi pakati pa 2 ndi 6. Makina oyezera magazi ku labotale amayamba kupereka zotsatira zokayikitsa chipinda chikatentha, ndipo chipinda cha opaleshoni sichingatsekulidwe mawindo kuti mulowe kamphepo, poti kamphepoko kamabwera ndi fumbi ndi ntchentche. Onjezerani zipinda zozizira za m'mabutchala, masitolo ogulitsa nkhuku ndi nsomba, mathanki oziziritsira mkaka wa alimi ozungulira mzindawu komanso nyumba ya chisoni. Zonsezi ndi ntchito ya mmisiri mmodzimodziyo, chifukwa filiji ndi eyakoni ndi ana a mimba imodzi.

Mzindawunso wasintha. Mzuzu, yomwe idayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, idakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 220,000. Chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chidatsekulidwa mu 2000, sitolo ya Shoprite idafika mu 2013, ndipo nyumba zosanja za magalasi zakhala zikumera m'tauni. Nyumba ya magalasi imaoneka bwino pachithunzi, koma dzuwa likalowa silituluka. Mumzinda momwe nyumba ya njerwa yokhala ndi khonde ikadazizira yokha, eni ake amamanga uvuni kenako n'kugula makina oti auziziritse.

Kagwiridwe ntchito ka makinawa n'kosavuta kumva. Eyakoni sipanga kuzizira, imangosamutsa kutentha. M'mapaipi ake a kopa mumayenda gasi yemwe amawira pamadigiri otsika kwambiri. Akamadutsa m'chigawo cha m'nyumba amawira n'kuyamwa kutentha kwa m'chipinda, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi likamauma. Kenako kompulesa, womwe ndi mtima wa makinawa, umamupanikiza n'kumukankhira m'chigawo cha panja, komwe fani imauluza kutenthako ndipo gasi uja amasandukanso madzimadzi. Amabwerera m'nyumba kudzera pakabowo kakang'ono, ulendo n'kuyambiranso. Ichi n'chifukwa chake munthu akadutsa kuseri kwa banki amawombedwa ndi mpweya wotentha: kumeneko ndiko kutentha komwe kwachotsedwa m'kati.

Cholakwika choyamba chimachitika makina asadagulidwe n'komwe. Mphamvu ya eyakoni imayezedwa m'ma BTU, ndipo za pakhoma zimabwera pa 9,000, 12,000, 18,000 kapena 24,000. Malo akuluakulu amaikidwa za m'siling'i, zodzera m'ngalande za malata, kapena zija za mtundu wa VRF zomwe kampani ya Daikin ya ku Japan idayambitsa mu 1982, pomwe makina amodzi a panja amatumikira zipinda zambiri. Mmisiri weniweni amayamba wayeza chipinda, kuwerenga mawindo ndi komwe ayang'ana, kufunsa kuti mumakhala anthu angati, makompyuta angati, ndipo denga lake ndi lotani. Koma ambiri mwa eni bizinesi amangoloza chachikulu, poganiza kuti chachikulu ndicho champhamvu.

Ku Mzuzu maganizo amenewo amapweteka. Kuno mvula imachedwa kutha, nthawi zina mpaka mu May, ndipo mpweya umakhala wa chinyezi. Makina opitirira muyeso amaziziritsa chipinda m'mphindi zochepa n'kuzima asadachotse chinyezicho, kenako n'kuyakanso, n'kuzimanso. Zotsatira zake chipinda chimazizira koma chili chonyowa, mafayilo amachita nguwi, ndipo kompulesa woyakayaka amatopa msanga. Vuto lomwe Carrier adathana nalo mu 1902 limabwereranso pakhomo, mwini wake atalipira ndalama zambiri.

Tsiku loika makina ndilo limaonetsa kusiyana kwa mmisiri ndi wongoyerekeza. Kukhoma chigawo cha m'nyumba ndi kuboola khoma aliyense angathe. Ntchito yeniyeni ili pamapaipi. Kukamwa kwa paipi kumayenera kufutukulidwa bwino ndi kumangidwa pamlingo wake, chifukwa polumikiza ndi pomwe gasi amakonda kuthawira. Ngati pali powotcherera, m'paipimo mumayenera kuyenda mpweya wa nitrogen kuti m'kati musachite mwaye womwe pambuyo pake umakatseka kabowo kaja. Akatha, mmisiri amapopera nitrogen wambiri n'kudikira kuti aone ngati muvi wa geji ukutsika. Ukatsika, penapake pakudontha, ndipo amafufuza ndi thovu la sopo.

Kenako pamabwera gawo lomwe amisiri othamangira ndalama amalidumpha: kukoka mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi pogwiritsa ntchito pampu, mpaka geji itatsika pa ma micron 500. Pamapaipi aatali zimatenga nthawi, ndipo kasitomala woima pambali amaona ngati mmisiri akungocheza. Wofuna zachidule amangotsekula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya, n'kunena kuti zatheka. Makinawo amaziziritsa ndithu tsiku limenelo, cheke n'kulembedwa. Koma chinyezi chotsalira m'katimo chimasakanikirana ndi mafuta a kompulesa n'kupanga asidi yemwe amadya waya pang'onopang'ono. Pakatha chaka kapena ziwiri kompulesa amapsa, ndipo palibe amene amakumbukira za tsiku lija. Mlandu umagwera magetsi, kapena dziko lomwe makinawo adachokera.

Zina n'zazing'ono koma zimaliza. Paipi yotulutsa madzi ikapanda kutsetsereka bwino, madzi amabwerera n'kudonthera pakompyuta ya akauntanti. Chigawo cha panja chikapanikizidwa m'kakhonde kopanda mphepo, kapena kutsekeredwa m'chikhola cha zitsulo zothithikana poopa akuba a kopa, chimapuma mpweya wake womwe wotentha n'kumadya magetsi ngati chigayo. Ndipo chipinda cha makompyuta chimafunika makina awiri osinthana, kuti amodzi akafa enawo agwirizize; kuika amodzi okha n'kuyenda ulendo wa ku Chitipa popanda tayala lapadera.

Pali bodza lina lomwe lakhazikika m'maofesi ambiri, lakuti gasi wa eyakoni amatha ngati mafuta a galimoto ndipo amafunika kuthiramo wina chaka ndi chaka. Gasiyu amazungulira m'mapaipi otsekeka ndipo sapsa. Akachepa ndiye kuti pena paboka. Mmisiri yemwe amabwera miyezi itatu iliyonse kudzawonjezera gasi osafufuza podontha ali ngati munthu wothira madzi m'chidebe chobooka n'kumalipiritsa ndowa iliyonse. Mwini bizinesi woona invoisi ya gasi kachitatu ali ndi ufulu wofunsa kuti bowolo lili pati. Safunsa adadya phula.

Mdani wamkulu wa makinawa kumpoto, komabe, ndi magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, makilomita mazanamazana kuchokera ku Mzuzu. Siteshoni ya Wovwe ku Karonga ndi yaing'ono, yosafika mamegawati 5. Mu 2017 madzi atachepa mu Shire, dziko lidakhala mumdima maola ambiri patsiku. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo siteshoniyo idayambiranso mu 2023.

Chomwe chimapha kompulesa si kuzima kwenikweniko ayi, koma kabweredwe kake. Magetsi akazima n'kuyakanso nthawi yomweyo, kompulesa amayesa kudzuka gasi akadali wopanikizika, ngati munthu wokankha galimoto pachitunda, ndipo waya wake amatentha. N'chifukwa chake pamafunika kudikira mphindi zosachepera zitatu, ndipo pali kachipangizo kotchipa komwe kamachita kudikirako m'malo mwa munthu, komanso kudula magetsi akabwera ochepa kapena ochuluka kuposa mavoti 230 omwe makina amayembekezera. Makina akuluakulu a mawaya atatu ali ndi tsoka lawolawo: waya mmodzi akazima, awiri otsalawo amasenza katundu yense mpaka mota kupsa. Jenereta yaing'ono nayo imapha, chifukwa kompulesa wa mtundu wakale podzuka amakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa omwe amadya akamayenda. Makina atsopano a inverter amadzuka pang'onopang'ono ndipo amadya magetsi ochepa, koma ali ndi bolodi la zamagetsi losachedwa kupsa ndi mphenzi, ndipo bolodilo silipezeka pamsika wa Mzuzu ngati tomato. Kawirikawiri limachita kuitanitsidwa ku Lilongwe, Blantyre, Dar es Salaam kapena Johannesburg.

Apa ndi pomwe nkhani ya ndalama imalowa. Palibe eyakoni, kompulesa kapena botolo la gasi lopangidwa m'dziko muno. Zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi K25 pa K100 iliyonse mu May 2022, kenako ndi K44 pa K100 iliyonse mu November 2023, mitengo ya zipangizozi idakwera nthawi yomweyo. Munthu angaganize kuti zikatero eni makina ayamba kuwasamala ngati dzira. Koma m'maofesi ambiri bajeti ikathina, choyamba kudulidwa ndi mgwirizano wa mmisiri wobwera kudzatsuka makina. Yendani kuseri kwa nyumba zina za m'tauni muone zigawo za panja zochita dzimbiri, zina mbalame zitamangamo zisa. Zambiri mwa izo sizidafe ndi ukalamba.

Chikhalirecho chisamaliro chake si cha mtengo wapatali. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, fumbi la misewu ya dothi ya ku Msongwe, Chibavi, Mchengautuba ndi Zolozolo limadzaza mumpweya, kuphatikizapo phulusa la moto wolusa. Sefa ya eyakoni imafunika kuchotsedwa ndi kutsukidwa ndi madzi masabata awiri kapena anayi aliwonse, ntchito yomwe ngakhale mesenjala angaphunzitsidwe m'mphindi khumi. Sefa ikatsekeka mpweya sudutsa, mapaipi a m'kati amaundana madzi oundana, ndipo gasi wamadzimadzi amatha kubwerera kwa kompulesa n'kumuswa. Pamiyezi itatu kapena inayi iliyonse mmisiri amayenera kutsuka timapepala ta chitsulo ta chigawo cha panja, kutsekula paipi ya madzi, kumanga mawaya omasuka, kuyeza magetsi omwe kompulesa akukoka ndi kulemba zonse m'buku. Buku limenelo ndilo limaulula matenda asadakule. Wogwira ntchito amene amatsitsa rimoti pa 16 mawindo ali pululu naye amathandiza kupha makina: chipinda sichizizira msanga chifukwa cha nambalayo, kompulesa amangogwira ntchito osapuma. Pa 24 n'pokwanira.

Gasi yemwe ali m'botolo la mmisiri wa ku Msongwe uja alinso ndi nkhani yake, yofika kutali. Mu 1987 maiko adasainirana pangano la Montreal lothetsa magasi owononga ozoni, chophimba cha mumlengalenga chomwe chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo Malawi idalowa m'panganoli mu 1991. Magasi akale a CFC, monga R12 wa m'mafiliji a makolo athu, adaletsedwa m'maiko osauka pofika 2010. Gasi wa R22, yemwe ali m'ma eyakoni ambiri akale a m'maofesi, wakhala akuchepetsedwa kuyambira 2013 ndipo akuyenera kutha pofika 2030, kupatula pang'ono pokonzera makina otsalira. Mwini bizinesi amene akugula makina a kaunjika a R22 lero chifukwa chotchipa akugula galimoto yomwe mafuta ake akuchoka pamsika.

Olowa m'malo mwake, monga R410A, saononga ozoni koma amatenthetsa dziko: kilogalamu imodzi ikathawira mumlengalenga imafanana ndi makilogalamu oposa 2,000 a mpweya wa carbon dioxide. Ichi n'chifukwa chake mu October 2016 maiko adakumana ku Kigali m'dziko la Rwanda n'kugwirizana zochepetsanso magasi amenewa, ndipo Malawi idavomereza mu 2017. Malinga ndi panganolo, maiko a gulu la Malawi adayenera kuimitsa kukwera kwa kagwiritsidwe ntchito kake mu 2024, ndipo pofika 2045 akhale atachepetsa ndi magawo 80 pa 100 aliwonse. M'dziko muno nkhanizi zimayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za chilengedwe, ndipo woitanitsa magasiwa kunja amayenera kukhala ndi chilolezo.

Kwa mmisiri, izi zikutanthauza kubwerera kusukulu. Makina atsopano akubwera ndi R32 kapena R290, ndipo onse awiri amayaka moto; R290 ndi propane, m'bale wake wa gasi wophikira. Chizolowezi chakale chodula paipi n'kusiya gasi afwefwentere mumphepo, kenako n'kuyatsa moto wowotcherera pomwepo, tsopano chikhoza kuchotsa moyo. Gasi wakale amayenera kukokeredwa m'botolo ndi makina ake. Palinso gasi wachinyengo, wolembedwa dzina lina kunja pomwe m'kati muli zosakaniza. Mu 2011 makontena oziziritsa katundu adaphulika m'madoko a ku Vietnam ndi ku Brazil n'kupha anthu atatu, ndipo kafukufuku adapeza kuti adathiridwa gasi wachinyengo wokhala ndi methyl chloride. Botolo lotchipa modabwitsa, lopanda dzina la kampani yodziwika, n'lofunika kuliyang'ana kawiri.

Ntchitoyi ili m'gulu la maluso omwe amaphunzitsidwa pansi pa bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, koma achinyamata ambiri amaiphunzira pamanja, ponyamulira mkulu wawo makwerero. Njira imeneyo yatulutsa amisiri abwino, ndipo yatulutsanso ena omwe adatengera zidule za aphunzitsi awo pamodzi ndi luso lomwe. Vuto lina ndi zida. Pampu yokokera mpweya, sikelo yoyezera gasi, botolo la nitrogen ndi makina okokera gasi wakale ndi ndalama zomwe mnyamata wongoyamba kumene sangazipeze, ndiye amagwira ndi zomwe ali nazo. Makontirakiti akuluakulu a mabanki ndi mahotela nthawi zambiri amasainidwa kumalikulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kotero makina akafa Lachisanu madzulo, nthambi ya ku Mzuzu imadikira galimoto yochokera makilomita oposa 350, pomwe munthu wodziwa ntchitoyo ali pamtunda woyenda ndi kabaza.

Komabe msika ulipo, ndipo sukuthera mumzinda. Kuchokera ku Msongwe msewu umatsetsereka makilomita osakwana 50 kukafika ku Nkhata Bay, komwe kutentha ndi kwina, ndipo malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Chintheche amadalira amisiri a ku Mzuzu. Mu October 2023 nthambi yoona za nyengo idachenjeza za kutentha kofika madigiri 44 m'chigwa cha Shire ndi madigiri 40 m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja. Masabata ngati amenewo foni ya mmisiri simapuma, ndipo oimba ambiri amakhala omwe mu June adamuuza kuti abwere mwezi wa mawa.

Mu June momwemo muli chinsinsi china chomwe maofesi ambiri a ku Mzuzu sakuchidziwa. Ma eyakoni ochuluka a masiku ano ali ndi valavu yotembenuza ulendo wa gasi, kotero m'malo motulutsa kutentha panja amakutenga panja n'kukulowetsa m'nyumba. Pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi hita ya waya wofiira ija. Koma m'mawa wa chisanu mukalowa m'maofesi ena mupeza kalaliki atavala jekete, hita ili kumapazi, eyakoni ili chete pakhoma, ndipo rimoti yokhala ndi batani la chizindikiro cha dzuwa itatsekeredwa m'dirowa ya bwana.